Nyenyezi Imene Inanyamula Bambo Anga

Fungo la futali wa mbatata, nsinjiro zikupserera pansi pa poto, limandibweza ku St Mary's, komboni ya kuno ku dziko la Ashona, m'kanyumba kathu ka zipinda ziwiri. Pakona panali makina osokera a bambo, pambali pake sutikesi yamalata yolemera, imene ine ndinaisandutsa mpando. Unali mwezi wa Ramadani. Zaka khumi ndinali ndisanakwanitse, moti kusala kudya kwanga kunkathera masana, kuseri kwa nyumba, gwafa ali m'kamwa.

Mweziwo ukamatha, amuna a kumzikiti ankakwera miyala ikuluikulu kufupi ndi pamene lero maminibasi a pa siteji ya Huruyadzo amalimbirana anthu. Ankakasaka mwezi watsopano, pakuti ukaoneka ndiye kuti mawa ndi Idi. Ife ana ankatitenga chifukwa maso a akuluakulu anali atatha ndi utsi wa m'mafakitale. Mwala unkakhala wofunda ngati msana wa ng'ombe, pansi utsi wa nkhuni utayala pamadenga.

Chaka chimenecho, tsiku losaka mwezi, dzuwa litangolowa, kumadzulo kukadali psuu, ine ndinakuwa, "Uwo!" Koma sunali mwezi. Inali nyenyezi yofuka, yokoka mchira wautali, woyera ngati mkanjo wa a Shehe. Mikanda ya a Shehe inagwa n'kumwazika pamwala, palibe anawerama kutola. Kumunsi azimayi a Chishona ankafuula "Maiwe!" uku akuvundikira mapoto ndi kukokera ana m'nyumba. Wina ananong'ona za nkhondo, wina za mliri.

Bambo sananene za nkhondo. Anatambasula mkono kutsata mchirawo, monga ankachitira poyeza nsalu, nati, "Ukuloza ku Nkhotakota. Kwathu akundiitana."

Idi inafika n'kudutsa. Nyenyezi inkabwera madzulo alionse, ndipo madzulo alionse mkono wa bambo unkakwera. Amayi analimbana nazo. Anabisa nsapato za bambo m'thumba la ufa. Anaitana a Shehe, amene anati nyenyezi ndi za Mulungu, sizitumidwa kwa telala. Potsiriza anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Bambo a Saidi, nyenyezi yomweyi aionanso a Moyo apakhomo lapafupi. Kodi nawonso akuitanidwa ku Nkhotakota?"

"Ndingokaona manda a mayi anga," anatero bambo, maso ali pansi. "Mvula isanagwe ndabwera."

Ananyamuka m'mamawa atavala mapatapata, mpando wanga uja uli paphewa. Ndinaima pamsewu kukamwa yasa. Sindinkadziwa kuti bambo wa munthu angathe kungokhota pakona n'kutha. Madzulo alionse ndinkakwera mwala kukagenda nyenyeziyo ndi legeni, mpaka inazilala n'kusowa, ine n'kumadzitama kwa anzanga kuti ndaipha. Mvula inagwa, inagwanso, amayi anaphunzira kupalasa makina. Patapita zaka tinamva kuti bambo ali ndi banja lina kunyanja.

Chandikumbutsa zonsezi ndi mdzukulu wanga Rumbi wa ku Unit O, dera lapafupi pano, amene Chichewa amamva bwinobwino koma amayankha m'Chishona ngati ndamulakwira. Ndinamupeza atatong'olera maso pa laputopu, akuyang'ana timadontho toyera. Akuti ndi zithunzi za miyala yozungulira dzuwa, ndipo iye ndi anthu wamba a m'mayiko ambiri amathandiza akatswiri kusaka miyala imene yamera mchira. Akaukayikira wina amadina, akatswiri n'kukauyang'anitsitsa.

"Ntchito imeneyo ndinaiyamba ndine, wopanda magetsi," ndinatero, n'kumufotokozera nkhani yonse.

"Sekuru, munonyepa," anaseka, kunditcha wabodza ine agogo ake. Koma ataona nkhope yanga anasiya kuseka. Anandiuza pang'onopang'ono kuti mchirawo ndi fumbi ndi nthunzi zotuluka m'mwala dzuwa likauwotcha, ndipo nthawi zonse umathawa kumene kuli dzuwa. Nyenyezi yooneka madzulo, mchira umaloza chakum'mawa.

"Nanga ikanaoneka m'bandakucha?"

"Kumadokero, Sekuru."

Kumadzulo! Ndinakhala pansi osayang'ana ngati pali mpando. Ndiye kuti ikanatulukira m'mawa, bambo akanaitanidwa ku Kadoma konkuno, n'kubwerako tsiku lomwelo ndi buledi. Ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira, Rumbi n'kuthamangira madzi.

Mwana uja wa legeni ankadziwa kuti nyenyezi inamubera bambo, ndipo anailanga. Nkhalambane ndimangoganiza za sutikesi ija. Ndinayamba kuikhalira Ramadani isanayambe, nyenyezi isanaoneke, ndipo inali yolemera kale.