A Mawotchi Akana Tulo

Pakhonde la sitolo pamene ndimasokera tilipo awiri: kuno ine ndi makina anga, uko a Mawotchi ndi katebulo kawo kagalasi. Ntchito yawo ikufa ikuona. Masiku ano ndani angakonzetse wotchi, nthawi ili pafoni? Tsiku lonse amalandira anthu awiri, winayo wongofunsa njira.

Akazi awo anamwalira ine ndisanabwere pakhondepa. Ana ali kutali, amaimba foni akakumbukira. Koma tsiku la imfayo ndimalidziwa ngati ndinalipo, poti andifotokozera mpaka makutu kuwawa. Tayala la bedi la kuchipatala linkalira. Nesi anavala nsapato yong'ambika kumanzere. Wotchi yapakhoma inali m'mbuyo ndi mphindi zisanu ndi ziwiri. Koma ukawafunsa kuti nanga mayiwo ankaseka bwanji, amangoti kukamwa yasa, kenako n'kuweramira kawotchi komwe akonza kale.

Tsiku lina kunabwera nesi wina kudzachepetsa yunifolomu. Ine pakamwa sipauma, ndinamufunsa zimenezi ndikumuyeza m'chiuno. Iye anati munthu akagwidwa ndi mantha aakulu, thupi limatulutsa timadzi tina tothamangitsa mtima, ndipo timadzito timachititsa ubongo kusunga tsikulo lonse, ndi zinyalala zomwe. Masiku wamba sasungika choncho.

"Chothandiza china ndi tulo," anatero nesiyo. "Munthu akamagona mokwanira nkhani imatsala, koma ululu wake umanka nuchepa."

Ine ndinkayesa ndathandiza. Kalanga ine, pakamwa panga! A Mawotchi anamva zonse, koma anatolapo chimodzi chokha, chakuti tulo tidzawalanda ululu wawo.

Patatha milungu itatu maso awo anali psuu, manja njenjenje. Tizitsulo ta m'mawotchi tinkangogwera pansi, ine n'kumawatolera ndi maginito anga otolera singano.

"Bambo, mukumagona inu?" ndinawafunsa.

"Ndikumagona, mayi. Pang'onopang'ono."

Nditawapanikiza anaulula. Kunyumba anatchera mawotchi anayi olira. Ina ikalira, pakatha ola inanso, kuti tulo tisawalowerere.

"Mwapenga kodi? Mukufuna muwatsatire mayi aja?"

"Mawu awo ndinaiwala," anayankha osandiyang'ana. "Nkhope nayo ikundithawa. Chimene chatsala ndi kupwetekaku. Kukachoka kumeneku, nditsala ndi chiyani?"

Ine amene ndimatha kukalipira kasitomala mpaka kupepesa yekha, ndinangobwerera ku makina anga. Ndinawamvera chisoni, ndinapsanso mtima. Masanawo ndinasoka mkono wa malaya chagada.

Lachinayi lina dzuwa likuswa mtengo, thupi linawakana. Ndinangoona mutu uli patebulo, kagalasi koonera tizitsulo kali chikhalire m'diso. Ndinakachotsa mwakachetechete. Makina ndinaimitsa, n'kuyamba kusoka mabatani pamanja. Mayi wina wofuna kusintha lamba wa wotchi ndinamubweza ndi maso okha. Anagona bambo aja mpaka mthunzi wa sitolo unaoloka msewu.

Atadzuka anayang'ana dzuwa lomwe linkawala pagalasi la minibasi. Kenako ndinamva chinthu chimene ndinali ndisanamvepo pakhondepo. Anaseka.

"Akazi anga ankayetsemula katatu!" anatero. "Akangotuluka m'nyumba n'kuona dzuwa, katatu basi. Kachitatuko ankalikalipira dzuwalo ngati mwana wamwano."

Anaseka mpaka misozi, kusekako n'kusanduka zina. Ine ndinayang'ana mabatani anga. Zaka zinayi zonse chimwalirire mayiwo, kanthu kameneka sikanawabwererepo.

Tsikulo anatseka msanga. Anati akazimitsa mawotchi aja, akagone ngati munthu, mwina zilipo zina zimene zikudikira. Anamanga katebulo ndi tcheni, navala chipewa, natsika masitepe awiri a khonde. Ndiye anatembenuka.

"Mayi, inu simunawaonepo akuyetsemula?"

Ndikanatha kunama. Matelala timanama tsiku lililonse kuti chovala chitha mawa. Koma bodza limeneli linandikanika.

"Ayi bambo, ine sindinawaone n'komwe."

"Ana nawo sangakumbukire, anachoka kalekale." Anagwedeza mutu, akukonza chipewa chomwe chinali bwinobwino. "Ndiye kuti wodziwa ndatsala ndekha."