Zala za Fackson

Sindinamvetse chimene Fackson ankafuna m'gitala. Kuimba sankatha. Nyimbo ankadziwa imodzi yokha, nayonso sankafika nayo kumapeto.

Anali wothyola tiyi pa esiteti ina ya ku Thyolo, mwana wa Alomwe ochokera kwa Apwitikizi. Gitalayo anakhoma yekha ndi chitini cha palafini, thabwa lolimba ndi mawaya a mabuleki a njinga. Lamulungu, anzake ali kutchalitchi, iye ankakhala pakhonde kukomboni n'kumakanikiza mawayawo mpaka nsonga za zala kung'ambika.

Tsono tiyi amathyola ndi manja onse awiri, ndipo zimene zimagwira ntchito ndi nsonga zomwezo. Lolemba mabala aja ankatseguka m'munda.

Tsiku lina kapitawo Malizani anaona magazi pamasamba, dengu lili pasikelo.

"Iwe, ukufuna azungu amwe magazi ako?"

"Apola, akapitawo. Zala zikangolimba..."

Chikoti chinalira pamsana pake mpaka malaya anasanduka nsanza. Tiyi yense anamukhuthulira m'ngalande.

Mkazi wake Alesi, pomuthowa ndi madzi amchere, anati, "Abambo, chitini chanuchi chidzatichotsetsa pano."

Fackson anangoyang'ana zala zake. Khungu linali litayamba kuuma. Likanalimba, magazi akanasiya, ndipo akanatha zonse ziwiri, tiyi ndi gitala. Kunangotsala pang'ono.

Lamulungu lotsatira nyimbo ija inayenda osadukiza, koyamba. Ali pafupi kuimaliza, Malizani anatulukira akununkha kachasu.

"Ndiye fakitale ya magazi ndi imeneyi?"

Anakankhira gitala pansi pamodzi ndi dzanja lamanzere la Fackson, n'kupondapo ndi jombo. Zala zinathyoka, phokoso lake linamveka mpaka nyumba yachiwiri.

"Imba tsopano timve."

Fackson sanakuwe. Anagwira thabwa la gitala ndi dzanja lamanja n'kumukhoma nalo Malizani kukamwa. Mano anagwera m'fumbi. Anamumenyabe ali pansi, chitini chikulira, mpaka chinaphwatalala ndipo amuna anathamanga kudzamuchotsa. Malizani anapulumuka, koma nsagwada sinabwererenso m'malo mwake.

Munthu atanyamuka pa njinga kukaitana apolisi ku Boma, Fackson anamasula mawaya aja ndi mano ake, nawapinda n'kuika m'thumba. Alesi anamanga dzanja lake ndi duku.

"Mulowera kuti?"

Fackson anatsika m'mizere ya tiyi dzuwa lili pamutu, dzanja atalikumbatira pachifuwa. Ena amati anaoloka malire, ena amati anakwera sitima. Alesi, amene ndinamufunsa patapita zaka, nayenso sankadziwa.