Masaya a Felista

Ndine amene ndinayambitsa mphekesera yoti mng'ono wanga Felista akudzola mafuta oyeretsa khungu.

Kuchipatala anamupeza ndi nthenda ya m'matumbo yotchedwa Crohn. Anamuuza kuti m'mimba mukavuta, azisiya kaye nyemba, kabichi ndi mgaiwa. Amayi anayamba kumuphikira mazira ndi kachewere wosenda, ine wolima kachewereyo ndikudya nyemba. Mankhwala nawo anamutupitsa masaya, nkhope n'kumafiira.

Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi ku Kabwazi, azimayi a kwaya anamuzungulira.

"Koma wanenepa bwino iwe, wawala ngati mkwatibwi."

Ine sanandione n'komwe, chonsecho ndinali nditavala chitenje chatsopano. Ndinanong'oneza mmodzi wa iwo kuti, "Kufiira kotereku simukukudziwa? Ndi mafuta aja."

Felista anasiya kupita kukwaya. Dzulo ndinamupeza pakhonde atagwira pamimba, dzira likuzizira m'mbale.

"Achemwali, wandinamizira chonchi ndani?"

Ndinati, "Anthu ndi ansanje, ingowasiya."

Anandikankhira mbale ija. "Idyani inu, ine silikulowa."

Ndinadya. Ndinapemphanso ndi mchere womwe.