Tsiku limene a tcheyamani anandivomera

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Sitandade 5 pasukulu ina cha ku Kasina, ndipo ndinkadziwika ndi zinthu ziwiri: chibwibwi ndi zibakera. Ziwirizi zinkayendera limodzi. Lilime likakakamira wina ankaseka, ndipo wina akaseka dzanja langa linkayankha lisanandifunse.

Aphunzitsi athu, a Kachingwe, anaika lamulo loti Lachisanu lililonse mwana mmodzi aziima kutsogolo n'kulankhula za ntchito ya kwawo. Ine anandipatsa za kalimidwe ka mbatatesi. Izo sizinandivute, poti ndinakulira m'mizere. Chovuta chinali poyambira. Masiku amenewo sunkatsegula pakamwa pagulu usanatchule mayina onse aulemu a mtsogoleri wa dziko, amene chithunzi chawo chinkatiyang'ana pamwamba pa bolodi. Mayinawo anali ataliatali, ndipo ine ndinkakakamira pa loyamba lenilenilo.

Lachisanu langa linafika m'nyengo yozizira, nkhungu itaphimba phiri, zala zitauma. Titangokhala pansi, pakhomo panamveka "Odi!" Analowa a tcheyamani a chipani a m'dera lathu, ndi anyamata awiri a chipani a malaya ofiira. Akuti ankayendera sukulu. A Kachingwe anawanyamulira mpando wawo kumbuyo kwa kalasi.

 Sabata yapitayo bambo anga anali atajomba msonkhano wa chipani chifukwa mbatatesi inkaola kudimba, ndipo a tcheyamani omwewa anali atawachenjeza pamaso pa anthu. Tonse tinkadziwa za bambo wina wa kutsidya kwa mtsinje amene anakwezedwa galimoto chifukwa cha mawu amene mwana wake ananena kusukulu, ndipo anali asanabwerere. Tsono ine ndikakamire pa dzina la mtsogoleri, kalasi iphulike ndi phwete, wofunsidwa akanakhala ndani? Osati ana osekawo ayi. Akanafunsa kuti ndi mwana wa yani ameneyu, wosandutsa dzina lalikulu choseketsa.

Lenadi, mnzanga wa pabenchi, anandinong'oneza: "Lero njinga yamoto ilira. Tu-tu-tu."

"Ndikuswa iwe," ndinatero, koma mawuwo anatuluka opanda mphamvu.

"Fabiano, kutsogolo," anatero a Kachingwe osandiyang'ana. Ndikhulupirira ankafuna kundidumpha, koma dzina langa linali kale pabolodi ndipo alendo anali ataliona.

Ndinaimirira.  Ndinatsegula pakamwa, nsagwada zinagwirana. Kumbali kwina ndinamva mwana akutsekereza phwete m'mphuno. Zibakera zinali zitakunga zokha. Ndinayang'ana zenera, ndikuyeza ngati ndingakwanepo.

Chimene chinandibwerera m'mutu si malangizo a aphunzitsi oti tiziima chilili n'kumayang'ana anthu onse. Ndinakumbukira a malume a Sitefano, nkhoswe ya mabanja ambiri kwathu, amene ndinawaonapo kangapo akukamba milandu pakhonde pathu. Iwo salankhula kwa gulu. Amanyonyomala, amaomba m'manja mofatsa, n'kusankha munthu mmodzi wa mbali inayo. Amamuuza nkhaniyo pang'onopang'ono, mawu ochepa, n'kudikira avomere. Ndipo wamkulu akasankhidwa chotero sakhala chete. Kutero n'kudzionetsa kuti sanaleredwe.

Ndinayenda pakati pa mabenchi kulunjika kumbuyo. Anyamata a malaya ofiira aja anadzuka. Ndinamva a Kachingwe akukoka mpweya. Ndinanyonyomala pamapazi pa a tcheyamani n'kuomba m'manja.

"Zikomo, a tcheyamani. Ndili ndi mawu."

 Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, ine ndikungomva fungo la fodya la m'jekete lawo. Kenaka manja awo anakumana okha, monga achitira aliyense wokulira kumudzi.

"Tamva. Lankhulani."

Ndinatchula dzina loyamba laulemu, lokhalo, n'kuima.

"Eya," anatero.

Ndinatchula lachiwiri.

"Eya."

Pa lachitatu lilime linagwira. Iwo anadikira, mutu uli chowerama, ndipo panalibe mwana woyerekeza ngakhale kutsokomola, pakuti kuseka ine tsopano kunali kuseka amene ankandivomera. Ndinameza malovu, dzinalo linatuluka lonse.

Nditafika pa mbatatesi ndinali ngati ndalowa m'munda mwathu. Ndinati mbewu yabwino ndi yaing'ono ngati dzira, yotuluka kale maso. Anati, "Zoona." Ndinakamba za manyowa, za kukwezera mizere kuti dzuwa lisaibiriwitse. Mawu ankabwera okha, ndipo kangapo ndinaiwala kudikira. Kenaka ndinati, "Ikayamba kuola sidikira munthu. Mumakumba tsiku lomwelo."

Apa sanavomere msanga. Ndinazindikira chimene ndanena: chinali chifukwa chomwe bambo anajombera msonkhano uja. Mmodzi wa anyamata aja anawayang'ana. A tcheyamani anakanda chibwano.

"Eya," anatero potsiriza. "Imatero mbatatesi."

Nditamaliza anaimirira n'kufunsa aphunzitsi kuti ndine mwana wa yani. A Kachingwe anatchula dzina la bambo ndi mawu otsika. A tcheyamani anandiyang'ananso.

"Ukawauze kuti msonkhano ukubwerawu ndisawasowe."

Anatuluka. Lenadi anabwera kudzandidzutsa. Bambo anapita kumsonkhanowo m'mamawa, nakhala kutsogolo, ndipo galimoto sinaime pakhomo pathu.

Sukulu ndinaisiya chaka chotsatira, nditathyola dzino la mnyamata wina wa Sitandade 7. Lero ndimapakira matumba m'malole, mtima wapachala ndikadali nawo. Koma ndamvetsa kuti tsiku lija mantha sindinawagonjetse ayi, ndinangowapezera woti azilankhula naye. Ndikauzidwa kuti ndinene mawu pamaliro kapena kutchalitchi, mantha aja amabwerabe. Ndimayendetsa maso mpaka nditapeza munthu amene ndikumuopa kwambiri, ndipo ndimayambira kwa iyeyo.