Chaka chimene amayi anabisa mchere

Chitini cha mchere chija chinali chofiira, chadzimbiri m'mbali. Chaka chimene ndinali mu Sitandade 4 chinachoka m'khitchini n'kukakhala m'sutikesi ya amayi, yokhoma ndi loko.

Agogo aamuna, obereka malemu bambo anga, anaterereka m'munda wa mpunga ku Chia n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anali kale ndi matenda a impso, mapazi ankatupa mpaka nsapato kukana. Amene anakawadikirira kuchipatala chachikulu ku Lilongwe anali amayi, mpongozi wawo. Agogo anabwerako ndi chitsulo m'thupi, amayi anabwerako ndi malamulo amene wina aliyense sanawamve kwa dokotala.

Ndiwo za agogo zinkaphikidwa pazokha, zopanda mchere. Mapilitsi opha ululu amene azakhali, mlongo wa bambo, anagula pagolosale, amayi anakataya m'chimbudzi. M'mawa uliwonse ankawadzutsa agogo, kuwagwiritsa ndodo ziwiri n'kuwayendetsa mpaka pamtengo wa mango. Agogo ankabuula, thukuta lili kamukamu. Amayi ankangoti, "Bambo, pondani katatu kokha."

"Mlamu wangayu akufuna munda uja," azakhali anandinong'oneza tikusenda chinangwa. "Munthu womung'amba dzulodzuloli n'kumamuyendetsa chonchi? Uzionetsetsa zimene akuthira mumphikamo."

Ndinaonetsetsadi. Ndinkanunkhiza mphika, ndinkasuzumira pamng'alu wa chitseko. Lero ndili ndi ana anga, komabe pakamwa pamandilemera kunena kuti ndinkaganizira mayi wondibereka kuti akupha munthu. Azakhali anayamba kundipatsa mchere wokulunga m'kapepala ndi mapilitsi awiri, ine n'kumakapereka kwa agogo amayi akapita kumunda. Agogo ankanyambita chala n'kundidalitsa.

Sabata yachiwiri nkhope yawo inafufuma, maso kutsala pang'ono kutsekeka, mkodzo n'kumangodontha. Amayi anapeza kapepala kaja pansi pa pilo. Sanandimenye. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anamangitsa chitenje n'kuthamangira kumsewu kukafuna galimoto.

Agogo atatuluka m'chipatala cha paboma, kuyenda kunayambiranso, ndipo azakhali anasiya kulowa m'nyumba mwathu. Madalawo anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi ziwiri, akupita okha kutchalitchi ndi ndodo imodzi. Azakhali mpaka pano amati ndi Mulungu basi.

Ndinadzamva nditakula zimene dokotala anauza amayi pakhonde la wodi: kuti mapilitsi amtundu uja amamaliza impso zodwala, ndipo okalamba otere akazolowera mphasa, ambiri sadzukanso. Mawu achiwiriwa amayi sanauze munthu, kuopa kuti angafike kwa agogo n'kuwatayitsa mtima.

Ine wa zaka khumi ndinkangoona mzimayi wouma mtima. Sindinkamvetsa chifukwa chake, akangowakhazika agogo pampando, ankalowera kuseri kwa bafa n'kukhalitsako, pobwera atasukusula kumaso.