Chitsulo pakati pa mapazi a Hawa

Ndinali ndi zaka khumi pamene mng'ono wanga Hawa anabadwa ndi mapazi opindikira mkati. Kwa milungu ingapo Amayi ankayenda naye pa njinga kuchoka kwathu ku Chikweo kupita kuchipatala, komwe adokotala ankawongola mapaziwo pang'onopang'ono ndi kuwaika m'chikhakha chatsopano. Pomaliza anadula kamtsempha ka kuseri kwa chidendene kuti phazi lizitha kuponda pansi. Hawa anabwerako ndi mapazi owongoka, ndipo Amayi ankaonetsa aliyense wodutsa pakhomo.

Anabweranso ndi tinsapato tiwiri tolumikizidwa ndi chitsulo pakati.

"Iwe Asiyatu, izi asavule, kupatula posamba," anatero Amayi. "Adokotala akuti akavula, mapazi abwerera mwakale."

Inali nyengo yotola thonje. Amayi ankalawirira kumunda, mlezi ndinali ine. Aliyense amene anaberekapo mwana kumbuyo akudziwa kuti mwana amatangadza miyendo, wina uku wina uku. Ndi chitsulo chija sizinkatheka. Chinkandidinda pamsana, nsalu inkatsetsereka, Hawa ankalira mpaka kusasa mawu. Anzanga ankasewera fulaye pansi pa mtengo wa mango, ine ndili pakhonde kuyang'anira chitsulo. Zinkandiwawa, sindibisa.

Tsiku lina ndinamasula zingwe, nsapato ndinavundikira ndi lichero, mwana ndinaponya kumbuyo. Anagona nthawi yomweyo, thukuta lake lofunda lili pakhosi panga. Dzuwa litapendeka ndinamuvekanso. Ndinachita zimenezi tsiku ndi tsiku, thonje linatha ine osasiya, ndipo ndinkadziona ngati munthu wachifundo kuposa adokotala.

Hawa atayamba kuyenda, ankapondera m'mphepete mwa mapazi. Kuchipatala anamwino anawafunsa Amayi pamaso pa anthu ngati mwanayo ankavaladi nsapato.

"Ankavala, Mulungu ndi mboni," Amayi analumbira. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Iwe unkakhala naye. Anavulapo?"

"Iyayi," ndinayankha.

Anamwino anangopukusa mutu, ndipo Amayi anatuluka ali abodza pamaso pa onse.

Hawa ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mafupa anali atakhwimira mokhota, chikhakha sichikanathandizanso. Anamuchita opaleshoni. Anang'amba phazi lililonse, kudula kachidutswa ka fupa kuti liwongoke, kenaka kulowetsa mawaya ogwira mafupawo. Ndinkaona nsonga za mawayawo pomutsuka mabala, ndipo fungo la mankhwala aja likadali m'mphuno mwanga. Phazi lamanzere linachita mafinya, analing'ambanso kachiwiri. Mapazi anaponda pansi, koma anauma ngati matabwa. Sukulu inali kutali, ankafika akulira, ndipo analekeza sitandade 3.

Amayi anamwalira akudziimba mlandu, amvekere mwina sankamanga zingwe mokwanira. Ndinali pambali pawo, koma sindinaulule kuti wolakwa ndinali ine.

Lero ndikudziwa kuti kutonthola kwa mwana si kuchira, ndipo kuti chifundo changa chija chinali kufuna fulaye basi. Kudziwako sikunawongole phazi la munthu.

Hawa amagulitsa tomato pa Ulongwe, atakhala pansi, chifukwa kuimirira kumamupweteka. Mwezi wathawu ndinakamuona. Anandipatsa mwana wake kuti ndimubereke, nkuseka.

"Achemwali, inu ndiye muli ndi msana wabwino," anatero. "Amayi ankati ndikakhala ndi inu sindinkalira."