Kukafuna Mphangwe ku Misuku

Ndinanyamuka pa Chitipa Boma Loweruka m'mamawa, khadi la chipani m'thumba la malaya, mawu amodzi m'mutu: mphangwe. Ndinali kalaliki wochokera ku Ntcheu, ndipo kumpoto ndinali nditangokhalako miyezi iwiri. Mkazi wanga, mayi a Lonjezo, chibadwire mwana wathuyo anali atayezuka manja, mkaka ukutuluka mwa apo ndi apo. Kuchipatala anati magazi achepa, namupatsa mapiritsi, nati azidya bwino. Ine kudya bwino ndinkakudziwa: buledi, tiyi wamkaka, nyama ya m'chitini. Koma munthu sankasintha, ndipo ndinkachita mantha.

Mayi Namwaka, oyandikana nafe, ndiwo anamusuzumira m'maso nati, "Mama uyu wakukhumba mphangwe. Kuno zauma na chihanya ichi, kweni ku Misuku kwa mlamu wane zilipo zinandi." Ndinangomvapo dzina la mankhwalawo ndi malo ake. Kuofesi sindinafunse aliyense. Kalaliki wa tayi azimveka kuti akusaka zitsamba?

Lole yopita ku Karonga inandilipiritsa matambala makumi asanu ndi limodzi mpaka pa Kapoka, pomwe msewu wa ku Misuku umapatukira. Pamenepo anyamata a chipani anaona makhadi athu tisanagule ngakhale chitumbuwa. Ndinadikira mpaka dzuwa litafika paliwombo, kenaka kunabwera lole ina yonyamula feteleza wa alimi a khofi. Kwacha imodzi, malo ako pamwamba pa matumba.

Msewu umenewo musaufunse. Lole inkalira ngati ng'ombe yokana goli, ndipo pa chitunda china tonse tinatsika n'kumaitsatira pambuyo, wina atanyamula mwala woti atchinge tayala ikayamba kubwerera. Komabe maso anga sanapume. Udzu wouma wa kuchigwa unatha, kunayamba nthochi, khofi m'mizere yokhota ndi phiri, timitsinje toyenda madzi mwezi wa Okutobala. Mtengo uliwonse wachilendo ndinkauyang'anitsitsa, mwina n'kukhala womwewo.

Ndinanong'oneza bambo wina wa chipewa chaubweya yemwe tinkakwera naye chitundacho.

"Pepani achimwene, kodi mphangwe zimapezeka pati kwenikweni?"

"Palipose, bwana. Mukufuna za mtundu uli?"

"Zamphamvu zenizenizo."

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Mwachoka ku Boma chifukwa cha mphangwe pera?"

Nditavomera anauza anzake m'chinenero chawo, lole yonse n'kufa nacho chikhakhali. Ine mumtima ndinati ndi mmene amachitira anthu odziwa mankhwala, sakuululira msanga.

Tinafika cha m'ma folo. Kwa mayi Nalungwe, mlamu wa mayi Namwaka uja, kunali kutsika kanjira koterera kumunsi kwa sukulu. "Mwaghona," ndinatero, moni wam'mawa, yekhayo wa kumeneko amene ndinkamudziwa, ngakhale kunali madzulo. Anaseka, nandipatsa mpando ndi nthochi zootcha, ndipo atamva nkhani yanga anatenga lichero nati tiyeni.

Ndinkayembekeza kulowa m'nkhalango. Tinangozungulira nkhokwe n'kuima m'dimba, pansi pa nthochi.

"Izi apa, adada."

Ndinayang'ana. Bonongwe. Luni. Chisoso. Nkhwani ukuyanga m'mphepete mwa ngalande.

"Mayi, izi ndi ndiwo zamasamba. Ine ndikufuna mphangwe."

"Ndiyo mphangwe yeneyiyo! Kasi kwanu mukuti vichi?"

Ndinakhala pansi pa mzere. Mphangwe m'Chitumbuka ndi masamba basi, omwewa ndinakula nawo ku Ntcheu ndisanaphunzire kumanga tayi.

Mayiwo sanandinyoze, anangopitiriza kuthyola akundiphunzitsa. Bonongwe, anati, ndiye wobwezera magazi, aphikidwe pang'ono ndi nsinjiro, osati kumuwiritsa mpaka ade. Luni ndi wowawa koma ndi amene amapatsa mayi wongochira kumene kuti mkaka ubwere. Chisoso ndi ndiwo, komanso ukadzicheka ndi chikwakwa umafikisa masamba ake n'kufinyira pabala. Ndinafunsa ngati mapiritsi tiwasiye.

"Yayi! Mapiritsi amwe, mphangwe adye. Ng'ombe imodzi siikoka ngolo pa mapiri ghano."

Ndinagona komweko. M'mawa anandimangira mtolo m'masamba a nthochi kuti usafote, ndi kambewu ka bonongwe m'kansalu koti ndikafese pomwe timatayira madzi. Ndinapeza galimoto yotsikira ku Kapoka itadzaza mikoko ya nthochi, ndipo pa Boma ndinafika Lamulungu dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'makutu.

Mayi a Lonjezo anali pamkeka pakhonde, mwana ali pamiyendo. Ndinamasula mtolo uja pamaso pawo. Anauyang'ana nthawi yaitali, natola tsamba limodzi la bonongwe n'kulinunkhiza.

"Mankhwala a ku Misuku aja ndi amenewa?"

"Ndi amenewa."

Sanaseke monga anachitira a pa lole. Anati, motsitsa mawu, "Bambo a Lonjezo, sabata yomwe ndinachira ndinakupemphani bonongwe. Munati mkazi wa kalaliki sadya za m'thengo, anthu angatiseke."

Masiku awiri pamsewu, kukamva kwa mlendo m'chinenero cha eni zomwe mkazi wanga anandiuza m'Chichewa m'nyumba mwanga momwe. Ndinavula tayi, ndinatenga mtondo, n'kuyamba kusinja mtedza.